"Ndikuuza tikamaliza": moyo wa munthu wogontha pakati pa anthu akumva

Telala wa ku Bangwe:
Moni nonse a pagulu lino. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa miyezi ingapo osalembapo kanthu, koma lero ndati nanenso ndiyambitse nkhani, chifukwa zimene zinandichitikira sabata yatha zikundisowetsabe tulo. Ine ndine wogontha. Ndinabadwa ndikumva bwinobwino, koma ndili ndi zaka 9 ndinadwala matenda oumitsa khosi, ndipo nditatsitsimuka m'chipatala ndinaona milomo ya mayi anga ikugwedera popanda mawu. Kuchokera tsiku limenelo mpaka lero, pamene ndili ndi zaka 34, sindinamvenso liwu la munthu. Ndimalankhula ndi pakamwa chifukwa Chichewa chinali chitandilowa kale, ndimawerenganso milomo pang'ono, koma chinenero chimene ndimamasuka nacho ndi chamanja.

Sabata yatha tinali kumudzi pa maliro a malume athu, amene ankayang'anira munda wa malemu mayi monga mwini mbumba. Titaika maliro, mawa lake abale onse anakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za munda ndi za ana amasiye. Ndinakhala nawo pamphasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ndinaona anthu akulozana zala, ndinaona wina akulira, kenako ndinaona onse akuseka pamodzi. Katatu konse ndinakoka chitenje cha mng'ono wanga kuti andiuze zimene zikukambidwa, ndipo katatu konse anandiyankha kuti, "Dikirani, ndikuuzani tikamaliza." Atamaliza anangoti, "Munda atenga achimwene, tiyeni tizipita." Zokambirana za tsiku lathunthu zinandifika m'mawu asanu okha, chonsecho mbali ina ya munda umenewo ndakhala ndikulipirira aganyu ndi ndalama za pamakina anga kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Mng'ono wanga amandikonda, ndipo sindikumuimba mlandu. Ndikufuna kudziwa ngati anzanga ogontha amakumana nazo zimenezi, ndiponso ndikufuna kufunsa inu akumva kuti mukamatiuza kuti mutiuza mukamaliza, mumadziwa kodi kuti pamenepo mwatitulutsa pabwalo ngakhale tikadali pamphasa?

Womasulira wa ku Lilongwe:
Achemwali, pepani ndi maliro, pepaninso ndi zimene zinatsatirazo. Ine ndimamva, koma bambo ndi mayi anga onse ndi ogontha, choncho chinenero chamanja ndicho ndinayamba kudziwa Chichewa chisanabwere. Mawu amene mwatchulawo ndawaona akunenedwa kwa makolo anga moyo wanga wonse, ndipo ali ndi anzake: "si nkhani yofunika", "zangokhala zoseketsa basi", "musadandaule nazo". Ndivomerenso kuti ndili mnyamata ndinawanenapo ineyo kwa mayi anga, nditatopa ndi kumasulira pa ukwati wina, ndipo nkhope imene anandionetsa tsiku limenelo sindinaiiwale. Munthu wakumva amatola nkhani osachita kufuna: m'minibasi, pachigayo, pawailesi ya oyandikana nawo, kwa anthu odutsa kuseri kwa nyumba. Wogontha amangolandira chimene wina wasankha kumupatsa, ndipo nthawi zambiri amalandira nkhani itapsa kale, popanda mpata woikapo maganizo ake.

Wabizinesi wa ku Limbe:
Ndikupepesa ngati ndilakwitse, koma ndikufuna kufunsa moona mtima. Masiku ano pafupifupi aliyense ali ndi foni, ndiye bwanji osangolemberana? Ku shopu kwanga kumabwera mnyamata wina wosamva kudzagula zipangizo za njinga, ndipo timamvana polemba papepala popanda vuto lililonse. Komanso mwanena nokha kuti mumawerenga milomo. Sindikuona kuti n'zotheka kuti dziko lonse liphunzire kulankhula ndi manja chifukwa cha anthu ochepa, pamene njira zina zilipo kale.

Telala wa ku Bangwe:
Bambo a ku Limbe, funso lanu ndi labwino, ndipo ndikuthokoza kuti mwalifunsa poyera. Ndikupempheni chinthu chimodzi. Imani pagalasi, munene mawu awa osatulutsa liwu: phala, bala, pala, mala. Mudzaona kuti milomo yanu ikuchita chimodzimodzi pa mawu onse anayi. Kenako munene kola ndi gona, ndipo mudzaona kuti chimene chikuwasiyanitsa chikuchitikira m'kati mwa kamwa, kumene diso silifika. Kuwerenga milomo ndi kulota: ndimagwira mawu awiri kapena atatu, otsalawo ndimadzazamo ndekha malinga ndi nkhani imene ndikuganiza kuti ikukambidwa. Kasitomala akabwera ndi chitenje n'kuima patsogolo panga masana, ndimamumvetsa chifukwa ndikudziwa kuti tikukamba za sitayilo, muyezo ndi mtengo. Koma pamsonkhano wa anthu makumi awiri, wina ali ndi ndevu, wina akutafuna nzimbe, wina wayang'ana kumbali, pofika pamene ndapeza amene akulankhula amakhala atamaliza ndipo wina wayamba. Madzulo a tsiku lotere mutu umandiwawa ngati ndasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri.

Za kulemba, pogula belo la njinga pepala limakwana. Koma simungakambirane za munda wa mayi anu papepala pamene anthu ena onse akuthamanga ndi pakamwa.

Kalipentala wa ku Phalombe:
Mawu awa ndikunena ndi manja, ndipo amene akulemba m'Chichewa ndi mng'ono wanga. Ndanena zimenezi dala kuti bambo a ku Limbe aone mbali ina ya nkhaniyi. Ine ndinabadwa wogontha, choncho Chichewa sindinachimvepo chibadwire. Kusukulu tinkaphunzira kwambiri kulemba Chingerezi, ndipo ndikalemba ndekha ndimalemba Chingerezi chotsata kayalidwe ka manja, chimene akumva amachiona ngati chosweka. Zilembo za papepala zimaimira mawu amene inu munayamba mwawamva kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi musanalowe m'kalasi. Ife timaziphunzira ngati zithunzi zopanda mwini. Alipo ogontha ambiri kumidzi kuno amene sanapiteko n'komwe kusukulu, ndipo kwa iwo pepala ndi foni yolembera sizithandiza kanthu.

Ndikufuna kusiyana pang'ono ndi achemwali a ku Bangwe. Iwo anataya chinthu chimene anali nacho, ndipo ndikumvetsa kuti chimawapweteka. Ine sindinataye kanthu, ndipo sindilakalaka phokoso, monga momwe inu simulakalaka mapiko. Chimene chinandipweteka ine ndi zaka khumi zoyambirira za moyo wanga, zimene ndinakhala wopanda chinenero chilichonse. Kunyumba tinali ndi zizindikiro zochepa zongopangana: kudya, kugona, mbuzi, choka. Sindinkadziwa kuti ndili ndi dzina. Bambo anga atamwalira ndinaona anthu ambiri pakhomo, ndinaona bokosi, koma panalibe wondifotokozera, ndipo kwa miyezi yambiri ndinkakhala m'mbali mwa msewu madzulo kudikira kuti abwera.

Tsiku limene anandisiya kusukulu ya ogontha ndinalira chifukwa ndinkaganiza kuti anditaya. Madzulo ake anyamata a m'chipinda chogona anandizungulira, wina analoza chipsera chimene ndili nacho pachibwano, anachigwira ndi chala, kenako analoza ine. Onse anachita chimodzimodzi. Limenelo linakhala dzina langa la m'manja, ndipo ndilo ndimadziwika nalo mpaka lero pakati pa ogontha. Mwezi usanathe ndinali nditadziwa kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina, kuti pali dzulo ndi mawa, ndiponso kuti munthu angathe kufunsa chifukwa. Anzanga omwewo ndi amene anandifotokozera kuti bambo anga sadzabweranso.

Mayi wa ku Mponela:
Ndawerenga zimene alemba bambo a ku Phalombe misozi ikutuluka, chifukwa ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka zitatu amene anasiya kumva atadwala malungo aakulu chaka chatha. Anali atayamba kutchula mawu angapo, koma tsopano onse anatha. Agogo ake akuti mwanayo anachita kulodzedwa, ndipo tapita kale kwa asing'anga awiri komanso kumapemphero a usiku. Bambo ake amandiletsa kumulozera ndi manja, amati ndikamuzoloweza zimenezo sadzalankhulanso. Mwanayo wayamba kukwiya msanga, amaponya mbale pansi, amadzigwetsa, ndipo anthu ayamba kunena kuti mutu wake suli bwino. Ine ndikamuyang'ana m'maso ndimaona kuti nzeru zilimo. Chonde ndithandizeni, ndiyambire pati?

Mphunzitsi wopuma:
Amayi a ku Mponela, ndiloleni ndikuyankheni ine, chifukwa zimene akunena amuna anuwo ndi zimene ineyo ndinkakhulupirira ndi kuphunzitsa kwa zaka zambiri. Ndinaphunzitsa ana ogontha kwa nthawi yaitali, ndipo pamene ndinkayamba ntchito tinkatsata njira yophunzitsa mwana kulankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo basi. Tinkaika dzanja la mwana pakhosi pathu kuti amve kunjenjemera kwa liwu, tinkamuikira kapepala patsogolo pa milomo kuti aone mpweya wa "pha", ndipo mwana akayamba kugwiritsa ntchito manja tinkamuuza kuti awaike kumbuyo. Njira imeneyi sinayambire kuno. M'chaka cha 1880 aphunzitsi a ogontha anasonkhana mumzinda wa Milan ku Italy n'kugwirizana kuti kulankhula ndi pakamwa kupose manja m'sukulu, ndipo pamsonkhanowo ogontha eni ake analibe mawu. Maganizo amenewo anafalikira m'maiko ambiri, ndipo panadutsa zaka 130 kuti msonkhano wa mtundu womwewo, umene unachitikira ku Vancouver m'dziko la Canada m'chaka cha 2010, uvomereze poyera kuti chigamulocho chinali cholakwika.

Sindikunyoza anzanga amene tinkagwira nawo ntchito, chifukwa ambiri anali anthu odzipereka amene ankafunira anawo zabwino, ndipo ana ena, makamaka amene anagontha atayamba kale kulankhula kapena amene ankamvako pang'ono, anapinduladi. Koma ndinaona ndi maso anga mwana akutha chaka chathunthu kuphunzira kutchula mawu makumi angapo, pamene usiku m'chipinda chogona mwana yemweyo ankasimba nthano yathunthu ndi manja, anzake akuseka mpaka kugubuduka. Tinkataya nthawi ya masamu ndi sayansi pothamangitsa liwu.

Manja saletsa mwana kulankhula. Chimene chimawononga mwana ndi kukhala zaka zoyambirira wopanda chinenero chilichonse, chifukwa zaka zimenezi ndi pamene ubongo umagwira chinenero mosavuta, ndipo zikadutsa sizibwerera. Kuponya mbale kumene mukukuonako si misala. Mwanayo ali ndi zonena koma alibe pozitulutsira.

Namwino wa ku Zomba:
Ndionjezerepo mbali ya chipatala. Amayi, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi ndi zina mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimagonthetsa ana. Zina ndi chikuku, matsagwidi, chikasu champhamvu mwa khanda longobadwa kumene, mafinya otuluka m'khutu kwa nthawi yaitali osalandira chithandizo, komanso mankhwala ena amphamvu monga jakisoni wa gentamicin ndi streptomycin akapanda kuyang'aniridwa bwino. Palibe ufiti pamenepa, ndipo ndalama zimene zikupita kwa asing'anga zisungeni zikhale za ulendo. Pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukapemphe kuti akutumizeni kumene amayeza makutu. Ku Lilongwe kuli chipatala cha makutu cha ABC, ndipo ku Blantyre amayeza ku Queen Elizabeth. Kuyezako kudzakuuzani ngati mwanayo akumvako pang'ono, ndipo ngati zili choncho kachipangizo kothandiza kumva kangamuthandize. Koma dziwani kuti kachipangizoko si mankhwala ochiritsa: kamangokweza mawu, kamafuna mabatire, kachikombole kolowa m'khutu kamafunika kusinthidwa mwana akamakula, ndipo kwa amene mitsempha ya kumva inaonongeka kwambiri sikathandiza kwenikweni. Choncho musadikire zotsatira za kuchipatala kuti muyambe kulankhula naye ndi manja. Zinthu ziwirizi ziyendere limodzi.

Telala wa ku Bangwe:
Anamwino, zikomo chifukwa cha malangizo amenewa. Popeza mwabwera, ndiloleni ndikuuzeni mmene chipatala chimaonekera kwa ife. Ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba ndinapita kusikelo pachipatala china ndekha. Ndinapereka buku langa n'kukhala pabenchi kuyambira 7 koloko m'mawa. Mayina ankaitanidwa ndi pakamwa kuchokera m'chipinda, ndipo ine ndinkangoona amayi akunyamuka mmodzimmodzi mpaka benchi yonse inatha. Nditalowa kukafunsa anandikalipira kuti anandiitana kanayi. Ulendo wotsatira ndinapita ndi apongozi anga aakazi kuti azindithandiza, ndipo tsiku limenelo linali loyeza magazi. Zotsatira zanga anauza apongozi, ine ndili pompo ndikuyang'ana milomo yawo. Zinali zabwino, koma taganizani zikanakhala zina. Chinsinsi chimene mayi aliyense amalonjezedwa m'chipinda chimenecho, ine ndinalibe.

Nthawi ya Covid-19 zinafika poipa, chifukwa aliyense anavala masiki ndipo ngakhale milomo imene ndinkadalira inabisika. Kwa miyezi yambiri ndinkayenda mumzinda wa anthu opanda pakamwa.

Namwino wa ku Zomba:
Amayi, palibe chimene ndingatsutse pa zimene mwanenazi, ndipo ndachita manyazi chifukwa inenso ndaitanapo mayina ndili m'kati mwa chipinda osaganiza kuti panja pangakhale munthu amene sakundimva. Pamzere pamakhala anthu oposa zana ndipo ife timakhala awiri, koma chimenecho si chifukwa chokwanira. Kutuluka pakhomo n'kukweza buku m'mwamba sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Za zotsatira za magazi, kumeneko kunali kulakwa kwenikweni, ndipo sindikufuna kukuchepetsa.

Kalipentala wa ku Phalombe:
Nkhani ya kuitana ndi pakamwa yandikumbutsa namondwe wa Freddy mu March 2023. Machenjezo ankaperekedwa pawailesi, ndipo anthu ena ankayenda m'mudzi ndi chimkuzamawu. Ine ndinkaona mvula ikugwa masiku angapo osaleka, koma sindinkadziwa kuti anthu auzidwa kuti asamukire kumtunda. Usiku umene madzi anabwera, anzathu anamva mkokomo wochokera kuphiri n'kuthawa akukuwa. Ine ndi mkazi wanga, amenenso ndi wogontha, tinali m'tulo. Chimene chinandidzutsa ndi kunjenjemera kwa nthaka pansi pa mphasa, kenako kuzizira kwa madzi kumapazi. Tinapulumuka chifukwa mnyamata wina wa nyumba yoyandikana nafe atafika kumtunda anakumbukira kuti ife sitingamve, ndipo anabwerera n'kuthyola chitseko ali ndi tochi m'manja. Kumsasa kumene tinakhala milungu ingapo, mayina a olandira ufa ankaitanidwanso ndi pakamwa.

Wabizinesi wa ku Limbe:
Ndaima pagalasi monga munandiuzira, amayi, ndipo ndaona kuti mukunena zoona. Sindinkadziwanso kuti kulemba Chichewa kungakhale kovuta kwa munthu wobadwira m'Malawi momwe muno. Komabe ndikadali ndi nkhawa imodzi imene ndikufuna kuitchula, chifukwa ndikudziwa kuti olemba ntchito anzanga ambiri ali nayo. Chaka chatha mtsikana wina wosamva anabwera kudzafuna ntchito yosunga katundu m'sitolo, ndipo ndinamukana poganiza kuti sangayankhe foni, sangamve galimoto ikamabwerera m'mbuyo pamalo otsitsira katundu, ndiponso makasitomala angatope naye. Kodi pamenepa ndinalakwa, kapena ndinangoona zinthu mmene zilili?

Womasulira wa ku Lilongwe:
Bambo, ndikuyankhani mosabisa: munalakwa, ngakhale simunachite ndi mtima woipa. Ntchito imene ankafuna inali yowerenga ndi kulemba katundu, ndipo imeneyo imafuna maso ndi kusamala. Maoda ambiri masiku ano amabwera pa WhatsApp. Za galimoto, ogontha amayenda m'misewu ya Limbe tsiku lililonse, ndipo amayang'ana mbali zonse kuposa ife amene timadalira hutala. Munayankha nokha mafunso amene mukanamufunsa iyeyo, ndipo kumeneko n'kofanana ndi kumuuza kuti mumuuza mukamaliza. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala m'chaka cha 2009, ndipo m'chaka cha 2012 linakhazikitsa lamulo loletsa kusala anthu olumala pa ntchito, pa maphunziro ndi pa chithandizo cha zaumoyo. Koma lamulo silikhala nanu m'sitolo pamene mtsikana waima pakhomo ndi kalata yake.

Ndaonanso kuti mukulemba kuti "wosamva". Mawu amenewa ambiri amawagwiritsa ntchito pofuna kulemekeza, koma m'Chichewa chathu ali ndi katundu wina. Mwana wamwano timati ndi wosamva. Kumva kumatanthauzanso kumvetsa ndi kumvera, choncho tikati munthu ndi wosamva, mosazindikira timakhala ngati tikunena kuti ndi wopanda nzeru kapena wamakani. Makolo anga amakonda kutchedwa ogontha, ndipo sachita nazo manyazi. Ena amakonda kuti anthu a vuto la kumva, makamaka amene amamvako pang'ono. Mawu amene onse amadana nawo ndi gonthi ndi bububu, amene ana amakuwa m'misewu akuluakulu akungoyang'ana. Chabwino n'kumufunsa mwini wake.

Mlongo wanu wa ku Johannesburg:
Ndine wogontha, ndinachoka ku Mangochi zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo ndimagwira ntchito m'fakitale yosoka kuno ku Johannesburg. Ndikufuna kukonza maganizo amene ambiri ali nawo akuti chinenero chamanja ndi chimodzi padziko lonse. Nditafika kuno sindinkamvana bwino ndi ogontha a kuno, ndipo zinanditengera miyezi kuti ndiphunzire chinenero chawo, chifukwa pafupifupi dziko lililonse lili ndi chake, chokhala ndi malamulo akeake, ndipo nkhope, nsidze ndi mapewa zimagwira ntchito limodzi ndi manja. Mu July 2023 dziko la South Africa linapanga chinenero chamanja kukhala chinenero cha boma cha nambala 12. Ku Zimbabwe chili m'gulu la zinenero 16 zimene malamulo aakulu a dzikolo a 2013 amazivomereza. Kuno ku South Africa wogontha, mayi Wilma Newhoudt-Druchen, analowa m'nyumba ya malamulo m'chaka cha 1999, ndipo nditamva mbiri yawo ndinazindikira kuti zimene ndinkauzidwa kwathu, zoti wogontha malire ake ndi makina osokera kapena ukalipentala, sizinali zoona.

Koma musaganize kuti kuno zonse zili bwino. Ndi dziko lomwe lino kumene mu December 2013, pamwambo wokumbukira Nelson Mandela, munthu amene anaikidwa kukhala womasulira m'chinenero chamanja anaima pafupi ndi atsogoleri a maiko n'kumagwedeza manja zopanda tanthauzo kwa maola, dziko lonse likuonera, ndipo amene anazindikira msanga anali ogontha okha. Kukiliniki ya m'dera limene ndimakhala womasulira kulibe mpaka lero.

Mphunzitsi wopuma:
Mfundo ya malire imene yatchulidwayi ndi yoona, ndipo imayambira kusukulu. Ana ambiri amachita bwino ku pulayimale ya ogontha, koma akasankhidwa kupita ku sekondale amakakhala m'kalasi ya ana akumva, mphunzitsi akulankhula atayang'ana bolodi, popanda womasulira. Amangokopera manotsi amene sanawafotokozeredwe, ndipo akalephera mayeso a MSCE anthu amati ogontha sukulu siiwayanja. Maphunziro ophatikiza ana onse ndi maganizo abwino, koma kuika mwana wogontha m'kalasi ya ana 90 popanda wodziwa chinenero chake si kumuphatikiza, n'kumukhazika pamphasa imene anakhalapo amayi a ku Bangwe.

Womasulira wa ku Lilongwe:
Amayi a ku Mponela, ndibwerere kwa inu, chifukwa munafunsa poyambira. Choyamba, funafunani ogontha akuluakulu a m'dera lanu, ndipo bungwe la ogontha la MANAD lingakulozereni kumene amakumana. Mwana wanu akufunika kuona munthu wamkulu wonga iye, wokwatira, wogwira ntchito, woseka ndi anzake, ndipo amuna anu akufunika kumuona munthu ameneyo koposa. Ana ogontha oposa 90 mwa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, choncho simuli nokha pa kusadziwa poyambira. Buku lotanthauzira mawu a chinenero chamanja cha ku Malawi linatuluka m'chaka cha 2021, ndipo lingakuthandizeni, ngakhale buku silingalowe m'malo mwa munthu. Akadzafika msinkhu wa sukulu, kuli sukulu za ogontha ku Mua m'boma la Dedza, ku Maryview m'boma la Chiradzulu, ku Mountain View m'boma la Thyolo, ku Embangweni m'boma la Mzimba, ku Bandawe m'boma la Nkhata Bay ndi ku Karonga. Malo amakhala ochepa, choncho yambani kufunsa msanga ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Koma musayembekezere sukulu. Phunzirani nyumba yonse, ndi azibale ake omwe, chifukwa mwana amene amalankhula ndi anzake kusukulu n'kubwera kutchuthi kudzakhala chete pakhomo pa makolo ake amayamba kuona kwawo ngati kuchilendo. Anzanga ambiri ogontha amandiuza kuti tsiku lotsekera sukulu linali tsiku lachisoni kwa iwo.

Mayi wa ku Mponela:
Ndikuthokozeni nonse. Dzulo usiku ndinawawerengera bambo ake zimene analemba bambo a ku Phalombe, makamaka za kudikira m'mbali mwa msewu. Sanayankhe kanthu, anangotuluka panja n'kukakhala pakhonde nthawi yaitali. Sananene kuti avomera, ndipo agogo ake akadali pa maganizo awo, koma lero m'mawa atandiona ndikumulozera mwanayo kapu ndi madzi sanandiletse. Kuchipatala tipita Lachiwiri. Vuto langa n'lakuti sindidziwa ngakhale chizindikiro chimodzi cholondola, ndipo ndikuopa kumuphunzitsa zolakwika.

Telala wa ku Bangwe:
Amayi, musaope kulakwitsa, chifukwa mwana adzakukonzani yekha akadzakula, monga momwe ana onse amachitira. Nditumizireni uthenga kumbali kuti tipangane, ndipo Loweruka ndidzakuimbirani pa vidiyo ndikuonetseni mawu oyambirira: mayi, bambo, madzi, nsima, kupweteka, kugona, bwera, ndiponso mmene mungamufunsire chimene akufuna. Tikatero mudzamuonere chinthu chimene chili chakechake, kaya ndi kaseko kake kapena kayendedwe, kuti timupezere dzina la m'manja.

Za munda uja, ndalankhula ndi mng'ono wanga ndipo ndamuonetsa zonse zimene zalembedwa pano. Analira, ndipo wavomera kuti mwezi wamawa tibwerere kumudzi tikapemphe amfumu kuti nkhaniyo ikambidwenso. Ulendo uno ndikutenga mnzanga wa kutchalitchi amene amamasulira, ndimulipirira ndekha thiransipoti, ndipo ndidzapempha kuti anthu azilankhula mmodzimmodzi. Sindikudziwa ngati achimwene adzalola kubweza mbali yanga, koma ndikufuna kuti chimene chidzagamulidwe chidzagamulidwe ine nditanenapo.

Loweruka tidzayambe 4 koloko madzulo kusanade, Amayi. Mudzakhale panja kapena moyang'anana ndi windo kuti kuwala kudzakumenyeni kumaso, foni mudzaitsamiritse pa chinthu kuti manja onse awiri akhale omasuka, ndipo mwanayo adzakhale pamiyendo panu. Bambo ake akadzakhala pakhomo, mudzawauze kuti mpando wawo ulipo.